Zimbale za 1977: phokoso la ku London lisatseke makutu

Chaka cha 1977 chili ndi malo akeake m'mbiri ya nyimbo za rock. Pakati pa Januwale ndi Disembala panatuluka zimbale zoyamba za Sex Pistols, The Clash, The Damned, Television, Talking Heads ndi Wire. David Bowie anatulutsa ziwiri, Iggy Pop ziwiri, Ramones nawonso ziwiri, ndipo Fleetwood Mac inatulutsa Rumours, chimodzi mwa zimbale zogulidwa kwambiri padziko lonse. Mpaka lero magazini ndi anthu okonda chamba chimenechi amasanja mindandanda ya zimbale zopambana za chakacho, ndipo yambiri imafanana pa zinthu ziwiri. Pamwamba penipeni pamakhala Never Mind the Bollocks cha Sex Pistols, ndipo kuchokera pamwamba mpaka pansi simupezeka dzina la ku Africa. Zonse ziwiri n'zolakwika, ndipo gwero lake ndi limodzi: osanja amayeza phokoso lomwe chimbale chinachititsa m'nyuzipepala za ku London ndi ku New York, m'malo moyeza nyimbo zomwe zili m'chimbalemo.

Chamba cha punk chinamera pa nthawi ya mavuto. Ku Britain mitengo ya katundu inakwera ndi 24 pa 100 iliyonse m'chaka cha 1975, ndipo mu 1976 boma linakagwada ku bungwe la IMF kupempha ngongole. Achinyamata ambiri ankamaliza sukulu n'kukhala opanda ntchito. Mzinda wa New York nawo unatsala pang'ono kugwa pa chuma mu 1975. Pa nthawi yomweyo magulu akuluakulu a rock ankaimbira m'mabwalo a masewero, ankayenda pa ndege zawozawo, ndipo chimbale chimodzi chinkawatengera miyezi yambiri mu situdiyo. Yankho la achinyamata linali nyimbo zazifupi, zothamanga, zokakala, zoti aliyense wodziwa kugwira gitala pang'ono angathe kuimba. Ku New York zinkamveka pa malo omwera mowa otchedwa CBGB, ku London pa 100 Club ndi pa Roxy.

Palibe wotsutsa kuti Sex Pistols ndiwo anagwedeza dziko la Britain. Pa 1 Disembala 1976 anatukwana pa kanema wa Thames Television akucheza ndi Bill Grundy, ndipo m'mawa mwake anali pa tsamba loyamba la nyuzipepala. Kampani ya EMI inawathamangitsa mu Januwale 1977. Ya A&M inawalemba mu Malichi n'kuwataya sabata isanathe. Nyimbo yawo yonyoza ufumu, "God Save the Queen", inatuluka kumapeto kwa Meyi, dziko likukonzekera chikondwerero cha zaka 25 za Mfumukazi Elizabeth II pampando. BBC inakana kuiulutsa, komabe inafika pa nambala 2. Pa 7 Juni anakaimbira pa boti mu mtsinje wa Thames, apolisi n'kumanga ena mwa anthu awo, kuphatikizapo manijala wawo Malcolm McLaren. Chimbale chitatuluka pa 28 Okutobala, dzina lake lokha linatengetsa woyang'anira sitolo ya Virgin ku Nottingham ku khoti, ngakhale khotilo linamumasula.

Zonsezi ndi nkhani zokoma m'nyuzipepala, koma palibe imodzi mwa izo yomwe ikunena za nyimbo. Chimbalecho chikamvedwa chokha, popanda nkhani za Grundy ndi boti, chimaoneka mosiyana. Nyimbo zake zinayi zamphamvu zinali zitatuluka kale pazokha, kotero wogula mu Okutobala ankagulanso zomwe anali nazo kunyumba. Glen Matlock, yemwe anathandiza kupeka nyimbo zambiri, anali atachoka mu Febuluwale, ndipo m'malo mwake munalowa Sid Vicious, amene anatengedwa chifukwa cha maonekedwe, osati luso. Besi yambiri ya m'chimbalemo anaimba ndi Steve Jones, woimba gitala. Chris Thomas, katswiri yemwe anagwirapo ntchito ndi The Beatles ndi Pink Floyd, anasanjikiza magitala ambirimbiri kuti phokoso likhale lolemera. Chotsatira chake ndi chimbale chabwino cha rock yolimba, chokhala ndi liwu la Johnny Rotten lomwe palibe angalitsanzire, koma kaimbidwe kake n'kodziwika kale kuchokera kwa The Stooges ndi New York Dolls. Ntchito yeniyeni ya gululi inachitika chimbale chisanabadwe: pa 4 Juni 1976 anaimba ku Lesser Free Trade Hall ku Manchester, ndipo ena mwa anthu ochepa omwe analipo anadzayambitsa Joy Division, The Smiths ndi magulu ena. Mu Januwale 1978, chimbale chisanathe miyezi itatu pamsika, gulu linasweka ku San Francisco. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Chimbale cha punk ya ku Britain chomwe chili ndi zonena zenizeni ndi The Clash, chomwe chinatuluka pa 8 Epulo. Chinajambulidwa mothamanga pa ndalama zokwana pafupifupi mapaundi 4,000, ndipo umphawi wa kajambulidweko umamveka. Koma Joe Strummer ndi Mick Jones ankaimba zinthu zomwe mnyamata wa ku West London ankazidziwa: ntchito zopanda tsogolo zomwe a ofesi ya ntchito ankapereka, kutopa ndi moyo wa m'nyumba zosanjikizana za boma, nkhanza za apolisi. "White Riot" inabadwa pa chipolowe cha pa chikondwerero cha Notting Hill mu Ogasiti 1976, pamene achinyamata akuda analimbana ndi apolisi, Strummer ndi Paul Simonon ali pomwepo. Sex Pistols ankanyoza chilichonse. The Clash ankatchula chomwe chavuta ndi yemwe akuvutika. Kampani ya CBS inaona ngati chimbalechi n'chokakala kwambiri moti sinachitulutse ku America mpaka 1979, koma anthu a kumeneko ankachiitanitsa okha kuchokera ku Britain mwaunyinji.

M'chimbale chomwechi muli umboni wakuti punk siinali ya azungu okhaokha. The Clash anaimbanso "Police and Thieves", nyimbo ya reggae ya Junior Murvin yomwe Lee Perry anajambula ku Jamaica mu 1976. Pa Roxy, Don Letts, mwana wa makolo ochokera ku Jamaica, ankaika zimbale za reggae pakati pa magulu chifukwa za punk zinali zisanachuluke. Bob Marley, amene anathawira ku London atawomberedwa ku Kingston mu Disembala 1976, anajambula Exodus mu mzinda womwewo ndipo anapekanso nyimbo yolonjera magulu a punk. Izi zinkachitika chipani cha tsankho cha National Front chikuguba m'misewu, mpaka kumenyana kwa ku Lewisham mu Ogasiti 1977. Mndandanda womwe umaika Sex Pistols pamwamba pa The Clash umasankha chitonzo n'kusiya chimbale chomwe chinasonyeza kumene punk ingapite.

Kumapeto kwa chaka kunatuluka Pink Flag cha Wire, chokhala ndi nyimbo 21 m'mphindi pafupifupi 35. Zina sizifika ngakhale mphindi imodzi. Mfundo ya gululi inali yoti nyimbo ithe pamene mawu athera, popanda kubwereza kolasi kuti nthawi ikwane. Chimbalechi sichinagulidwe kwambiri, koma mbewu yake inamera kutali. Gulu la Minor Threat la ku Washington linaimbanso nyimbo imodzi ya m'menemo, R.E.M. inaimbanso ina mu 1987, ndipo m'zaka za m'ma 1990 gulu la Elastica linafika pokambirana za malipiro chifukwa nyimbo yake yotchuka inafanana kwambiri ndi ya Wire. Chimbale chikamabereka ana m'mibadwo itatu ya oimba, malo ake sangakhale pansi pa chomwe chinabereka mitu ya nkhani.

Ku New York zinthu zinali zosiyana, ndipo kumeneko ndiko kunachokera chimbale chopambana cha chakacho. Marquee Moon cha Television chinatuluka mu Febuluwale. Gululi linali limodzi mwa oyamba kuimba pa CBGB, koma linakana lamulo lakuti punk ndi nyimbo ya mphindi ziwiri yoimbidwa ndi osadziwa. Nyimbo yomwe inapereka dzina ku chimbale imatenga pafupifupi mphindi khumi. Magitala a Tom Verlaine ndi Richard Lloyd amalukana, lina likufunsa lina likuyankha, ndipo mawu ake ndi oyera, opanda utsi wa blues womwe magulu a rock a nthawiyo ankabisalamo. Ku America chimbalechi chinalephera pamsika, ku Britain chinalowa m'gulu la 30 zoyamba. Koma aliyense womvera magitala a magulu omwe anatchuka pambuyo pake, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mpaka The Strokes mu 2001, amamva Television mkati mwake. Chinachita chomwe punk inkalonjeza koma kawirikawiri osakwaniritsa: kupeza kaimbidwe katsopano ndi zida zakale zomwezo, magitala awiri, besi ndi ng'oma.

Ramones anatulutsa Leave Home mu Januwale ndi Rocket to Russia mu Novembala. Chachiwiricho ndicho chokhwima, chifukwa liwiro lawo linakumana ndi kukoma kwa nyimbo za achinyamata za m'ma 1960. Talking Heads, m'chimbale chawo choyamba cha mu Sepitembala, anaonetsa kuti nkhawa ndi manyazi a munthu wa mu mzinda zingakhale mutu wa nyimbo ya rock. Ndipo kutali ndi mizinda iwiriyi, ku Brisbane m'dziko la Australia, gulu la The Saints linatulutsa (I'm) Stranded mu Febuluwale. Nyimbo yawo yoyamba anaidinda okha mu Sepitembala 1976, mwezi umodzi The Damned asanatulutse nyimbo yoyamba ya punk ku Britain. Anyamata a ku Brisbane sanadikire London kuti iwaphunzitse. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ikusonyeza kuti kulikonse kumene kunali achinyamata otopa, magitala otchipa ndi apolisi ovuta, phokoso lamtunduwu linkatha kubadwa palokha.

Nthano ina yomwe mindandanda imafalitsa ndi yakuti punk inapha rock yakale mu 1977. Ziwerengero zikukana. Rumours chinakhala pa nambala 1 ku America kwa masabata 31, chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale cha chaka, ndipo chagulidwa makope oposa 40 miliyoni. Chinajambulidwa ku California banja la John ndi Christine McVie likutha, chibwenzi cha Stevie Nicks ndi Lindsey Buckingham chikuthanso, ndipo anthuwa ankaimbirana madandaulo awo maso ndi maso. Ukali wa m'chimbalechi ndi weniweni kuposa wa magulu ambiri ovala zong'ambika. Pink Floyd, gulu lomwe a punk ankalinyoza poyera, linatulutsa Animals mu Januwale, chimbale chogawa anthu m'magulu a agalu, nkhumba ndi nkhosa motengera buku la George Orwell, ndipo chimadzudzula anthu achuma mozama kuposa Sex Pistols. Mu Okutobala Queen inatulutsa News of the World, chomwe nyimbo zake ziwiri zimaimbidwabe m'mabwalo a mpira padziko lonse, ndipo mwezi womwewo kunatuluka Bat Out of Hell cha Meat Loaf. Rock yakale siinafe. Chomwe chinasintha ndi zokonda za atolankhani a nyimbo.

Ngakhale atolankhaniwo sanagwirizane. Nyuzipepala ya NME ya ku London inasankha "Heroes" cha David Bowie kukhala chimbale cha chaka, pamene kafukufuku wa olemba za nyimbo wa Village Voice ku New York ndiye anaika Sex Pistols patsogolo. Ndiye kuti a ku London, omwe anaona zonse ndi maso awo, sanatengeke monga a kutsidya la nyanja. Komabe pa zimbale ziwiri za Bowie, cholemera ndi Low cha mu Januwale. Anachijambula ku France ndi ku West Berlin pamodzi ndi Brian Eno ndi Tony Visconti, ndipo mbali yake yachiwiri ili pafupifupi yopanda mawu, yodalira kwambiri zida zamagetsi. Kampani ya RCA inachita nacho mantha n'kuchedwetsa kuchitulutsa. Gulu lomwe linadzakhala Joy Division linayamba ndi dzina la Warsaw, lotengedwa ku nyimbo ya m'chimbalechi. Munthu wotchuka kale yemwe akuika mbiri yake pachiswe kuti ayese zachilendo walimba mtima kuposa mnyamata wotukwana pa kanema.

Cholakwika chachiwiri cha mindandanda ija, kusowa kwa dzina la ku Africa, n'chachikulu. M'chaka chomwecho cha 1977 gulu la Ngozi Family la ku Zambia linatulutsa 45,000 Volts. Mtsogoleri wake, Paul Ngozi, ankaimba gitala lokhadzula, lolira mwaukali, pa ng'oma za Chrissy Zebby Tembo, ndipo nyimbo zake zinali m'Chingerezi ndi m'Chinyanja. Ankaimba za moyo wa m'makomboni a ku Lusaka, za chikondi, za mantha, ndipo nyimbo ina ndi yomvera chisoni anthu a ku Zimbabwe omwe anali pa nkhondo ya ufulu. Chaka chapitacho gululi linali litatulutsa Day of Judgement, chojambulidwa mosakometsera, chokakala ngati chilichonse cha pa CBGB.

Ngozi sanali yekha. Chamba chomwe chimatchedwa Zamrock chinali ndi WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda yochokera ku Kitwe, yomwe inatulutsa Lazy Bones!! mu 1975, Amanaz ndi chimbale chawo Africa cha chaka chomwecho, komanso Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Ndalama za m'migodi ya kopa zinabweretsa magitala ndi zimbale za Jimi Hendrix, Black Sabbath, James Brown ndi The Rolling Stones. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za ku Zambia. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda zimbale ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, chuma chinafooka, nkhondo ya ku Zimbabwe ija inabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo malo oimbira anayamba kutsekedwa. Ngati punk ndi nyimbo za achinyamata a m'dziko lomwe chuma chake chikugwa, zoimbidwa mwaukali pa zida zochepa, ndiye kuti Lusaka ndi Kitwe anali ndi zifukwa zoposa za London.

Otsutsa anganene kuti mtolankhani wa ku London mu 1977 sakanatha kumva chimbale chodindidwa pang'ono n'kugulitsidwa ku Zambia kokha. Zimenezo n'zoona, ndipo mindandanda ya nthawi imeneyo ingakhululukidwe. Koma yomwe ikulembedwa masiku ano ilibe pothawira. Kuyambira cha m'ma 2010 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles yakhala ikutulutsanso zimbale za Zamrock. WITCH inadzukanso, ikuyenda m'mayiko a ku Ulaya ndi America, ndipo mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Sampa the Great analemekeza chambachi m'nyimbo yake ya mu 2022. Mu 2024 Tyler, the Creator anamanga nyimbo yake "Noid" pa chidutswa cha nyimbo ya Chinyanja ya m'chimbale cha 45,000 Volts, ndipo anthu mamiliyoni anamva liwu la Paul Ngozi, yemwe anamwalira mu 1989. Wosanja mndandanda lero amene sakutchula chimbalechi sakusowa mwayi wochimva, akungokopera mndandanda wa mnzake.

Ena anganene kuti Ngozi Family si punk yeniyeni chifukwa mizu yake ili mu rock ya Hendrix ndi Black Sabbath. Muyeso umenewo ukagwiritsidwa ntchito mofanana, Television nayo ituluka chifukwa cha nyimbo zake zazitali, Talking Heads ituluka, Sex Pistols nawonso atsala pakhomo chifukwa cha ngongole yawo kwa The Stooges. Ndipo mindandanda yomweyo imalandira Fleetwood Mac ndi Pink Floyd pansi pa dzina la rock popanda funso. Malire amangokhwima pamene woimba akuchokera kumwera kwa Sahara.

Mlandu si wa olemba a kunja okha. Ku Malawi ndi ku Zambia komwe kuli chizolowezi chonena kuti rock ndi nyimbo za azungu, mwinanso za anthu osokonezeka mutu. Mawu amenewa amaiwala kuti chambachi chinaumbidwa ndi anthu akuda a ku America monga Sister Rosetta Tharpe, Chuck Berry ndi Little Richard, ndipo amafafaniza m'badwo wonse wa oimba a ku Copperbelt ndi Lusaka, omwe ambiri anatha ndi mliri wa Edzi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. N'zomvetsa chisoni kuti chimbale choimbidwa m'Chinyanja chidikire woimba wa ku California kuti achinyamata olankhula chilankhulocho achidziwe. Mawayilesi a kuno ali ndi mapologalamu a nyimbo zakale, ndipo zimbalezi zili pa intaneti. Chosowa ndi chidwi basi.

Mndandanda wa wokonda nyimbo si lipoti la malonda, komanso si kaundula wa milandu ya ku khoti. Uyenera kuyankha mafunso atatu: kodi chimbale chinabweretsa kaimbidwe komwe kunalibe, kodi chinanena zoona za malo ndi nthawi yake, ndipo kodi chikumvekabe chamoyo chikaikidwa lero kwa munthu wosadziwa mbiri yake? Pa muyeso umenewu Marquee Moon chikhala patsogolo, chifukwa chimapambana pa funso loyamba ndi lachitatu popanda wopikisana nacho. The Clash chitsatira chifukwa cha funso lachiwiri, kenaka Low. Malo achinayi ndi a 45,000 Volts, achisanu a Pink Flag. Pambuyo pake pabwera Rumours, Rocket to Russia ndi (I'm) Stranded. Never Mind the Bollocks chiyenera kukhalapo ndithu, koma pa nambala 9, patsogolo pa Animals chokha. Malo amenewo ndi oyenera chimbale chabwino cha gulu lomwe kufunika kwake kunali m'zomwe linachititsa ena kuyamba, osati m'zomwe linajambula.